Patani Yopanda Chizindikiro

Amayi anga asoka zovala zaka makumi atatu ndi zinayi m'chipinda chimodzi cha pamwamba pa holoselo, koma mukafunsa mumsewu wathu, ndi ochepa amene angakuuzeni za madiresi awo. Madiresi ankasoka ndithu, mayunifolomu a ana asukulu, kupinda mathalauza, kuika zipi. Koma chimene chinkakweretsa amuna akuluakulu masitepe athu khumi ndi asanu ndi atatu, akuponda monyang'ama ngati akukaba, chinali lamba.

Singano anaiphunzirira pansi pomwepo, mu holoselo, ali mtsikana. Ntchito yawo inali kusoka matumba ong'ambika ndi chisingano chachikulu chokhota, ndipo n'komwe anakumana ndi bambo anga, amene ankang'amba matumbawo ponyamula. Amayi amati bambo ankang'amba dala kuti apeze pochezera. Atakwatirana, mwini holoselo anawalola kuika makina m'chipinda chapamwamba chomwe munkatayidwa makatoni. Chili ndi windo limodzi loyang'ana kumsewu, tebulo lodulira, mpando umodzi wa kasitomala, ndi fungo la mafuta a makina lomwe silichoka ngakhale mutakolopa kawiri.

Pansi pathu malole amafika m'mamawa, amuna n'kumatsitsa matumba a shuga, a mchere ndi a simenti mpaka dzuwa kupendeka. Ntchito imeneyo imamudya munthu m'munsi mwa mimba. Pakapita zaka, ambiri amatuluka mwera: thumbo limapeza pofooka m'mphechepeche, pomwe mimba imakumana ndi ntchafu, n'kutumphukira pansi pa khungu ngati dzira. Munthu akagona chagada limabwerera, akaimirira kapena kutsokomola limatulukanso. Bambo anga anali mmodzi wa iwo. Kuchipatala anakana, ati sangavule pamaso pa ana a eniake. Ndiye amayi anatenga nsalu ya tenti, lasitiki wolimba ndi thonje, n'kuwasokera lamba wokhala ndi kapilo kopanikiza pamalo otupawo. Bambo anabwerera ku matumba akuimba mluzu. Anzawo anaona kuti munthu wasiya kugwira pathumba la thalauza akamanyamula, ndipo sanachedwe kudziwa chifukwa chake. Pamene bambo ankamwalira ndi chifuwa, ine ndili ndi zaka khumi, theka la holoselo linali litavala ntchito ya manja a mkazi wawo.

Ine ndine mzime mwa ana asanu. Sukulu itandikana, amayi anandikhazika pa makina achiwiri, ndipo ndili pomwepo mpaka lero, ndi ana anga atatu kunyumba.

Kagulidwe ka lambayu kanali ndi malamulo ake. Palibe mwamuna amene anakwerapo n'kunena kuti ali ndi mwera. Ankalowa, kuvula chipewa, kufunsa za ana, kuyamikira mvula kapena kuidandaula, kuyang'ana kudenga, kenako n'kunena kuti msana wavuta. Ena ankati akugulira achimwene awo.

"Thupi lawo ndi langali n'chimodzimodzi, mungoyeza ine."

Amayi, nkhope ili gwa, ankayeza chiuno pamwamba pa thalauza, n'kufunsa maso ali pa tepi: "Msanawo ukupweteka mbali iti, alamu?" Onse ankaitanana nawo alamu chifukwa cha bambo anga. Munthuyo sankayankha ndi pakamwa. Ankangogogoda ndi chala thumba la thalauza, lakumanja kapena lakumanzere. Wogogoda onse awiri ankachita zimenezo msangamsanga, ngati akufuna machesi.

Aliyense anali ndi patani yake yodulidwa pa pepala la thumba la simenti, ndipo mapatani onse ankapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Dzina amayi sankalemba, kuopa kuti wina angawerenge. Ankajambula kachizindikiro, ndevu, njinga, dzino limodzi, kenako mtanda mbali yotupayo. Ya a Jeke inali ndi chipewa ndi mitanda iwiri. A Jeke anali mnzawo wapamtima wa bambo anga, ndipo dzinalo anapatsidwa chifukwa ankakweza chilichonse ngati jeke wa galimoto, pang'onopang'ono, osabuula.

Tsopano ndinene za ife, poti ndi pomwe pali manyazi anga. Mapazi a kasitomala akangosiya kumveka pamasitepe, tinkafa nalo phwete. Lamulo la amayi linali lakuti mawu a m'chipinda muno satsika masitepe, ndipo sanatsikepodi. Koma m'kati mwakemo amunawo tinkawadya osasiyako fupa. Katswiri wotsanzira ndinali ine. Ndinkakulunga zidutswa za nsalu, kuziika m'thumba la epuloni, n'kumayenda motang'adza ndikugogoda matumba onse awiri, maso ali kudenga: "Msana, alamu, msana." Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya kasitomala.

"Iwe mwana udzandipha," ankatero. Akapuma, ankaonjezera mawu awo okondedwa: "Mulungu anagawa bwino. Ife anatipatsa kubereka, iwo anawapatsa mwera."

Komatu amayi anga ndi munthu wamanyazi ndi thupi lake amene sindinaonepo mnzake. Ndinakula osaona bondo lawo. Zovala zawo ankadziyeza okha atakhoma chitseko, moti ine amene ndayeza akazi a msewu wonse, akwati ndi oyembekezera omwe, tepi yanga inali isanakhudzepo chiuno cha mayi anga. Kuchipatala anapita komaliza kukabereka ine. Ndipo nawonso ankanyamula, ngakhale sitinkakutchula kunyamula: mipukutu ya nsalu, ndowa ya madzi kawiri pa tsiku, mutu wa makina ukafuna kukonzedwa, zonse pamasitepe omwe aja. Wofuna kuwalandira ankamufunsa ngati waona imvi m'manja mwawo.

Tsiku lina Lachiwiri, titatha kudya masana, amayi anadzuka n'kukhoma chitseko. Anali ndi tepi m'manja.

"Bwera kuno undithandize," anatero.

Patebulo lodulira panali patani yatsopano, ndipo ine ndi chizolowezi changa ndinaitola ndisanamve chomwe akufuna. Inali yodabwitsa. Chiuno chake chinali chaching'ono, mainchesi 27 okha. Mitanda inali iwiri, koma yotsika kuposa ya amuna onse a pamsomali, pafupifupi pantchafu penipeni. Chizindikiro panalibe.

"Ameneyu ndiye ndani?" Ndinaiika pachiuno panga n'kuyamba kuzungulira tebulo motang'adza. "Kamdala kake n'kati aka, mayi? Chiuno ngati cha mavu, koma katundu mbali zonse ziwiri! Ndipo taonani pomwe wafika, wagwera m'ntchafu. Aka ndiye katha basi, mkazi wake angobwerera kwawo. Tikajambulire chiyani? Ngolo ya matayala awiri?"

Ndinazungulira tebulo kawiri ndisanazindikire kuti ndikuseka ndekha. Amayi anamwetulira pang'ono, analanda pepalalo, kulipinda kanayi n'kuliika m'thumba la epuloni.

"Ndi ya munthu wapaulendo, sumudziwa."

"Nanga mumati ndikuthandizeni chiyani?"

"Zatheka. Tsegula chitseko, muno mwatentha."

Inu mwadziwa kale mwini wa patani ija. Ine ndinatha miyezi isanu ndi iwiri ndisanadziwe, chonsecho tsiku lililonse ndinkakhala nawo pafupi moti tinkabwerekana sizasi osadzuka pampando.

Zizindikiro zinalipo, ndipo ndikazikumbukira lero ndimafuna kubisa nkhope. Anadzisokera epuloni yotakasuka ngati ya wogulitsa nyama. Anasiya kupalasa makina ndi miyendo yonse iwiri, ankangosinthasintha. Ndowa anandisiyira, ine n'kumanyada kuti tsopano avomera ukalamba. Ndikamatsanzira ankaseka mochedwa, ngati munthu wochita kukumbutsidwa. Tsiku lina a Jeke atabwera kudzasinthitsa lasitiki, amayi anawafunsa akulowetsa ulusi pasingano:

"Kodi msana wanuwo, alamu, mukagona umabwerera wonse?"

"Umabwerera, alamu, ndikangokankha ndi zala."

"Nanga ukakana kubwerera?"

"Sunakanepo."

Ine pa makina anga ndinaluma mlomo kubisa phwete, ndikusunga nkhaniyo kuti ndiitsanzire a Jeke akatsika. Ndipo ndinaitsanziradi.

Lachinayi lina anafika kuntchito nkhope itatuwa. Anati m'mimba mukupota kuyambira dzulo, mwina anadya zosayenera. Cha m'ma teni anasanza m'ndowa ya zidutswa. Ndinati tipite kuchipatala, anandikalipira kuti mayunifolomu a eniake asoka ndani. Masana anasanzanso, zobiriwira tsopano ndi zonunkha, kenako anatsika pampando n'kugona pansi pakati pa makina awiri atapinda mawondo. Amayi anga, amene sankalola ngakhale chigamba kugona pansi, atagona okha m'fumbi la ulusi!

Ndinagwada kuti ndiwamasule siketi apume bwino. Anandimenya dzanja, koma mphamvu analibe, ndipo zala zanga zinali zitafika kale. Pansi pa siketi panali nsalu ya tenti. Msoko umenewo ndingauzindikire nditatsinzina: mizere itatu, wapakati wokhotakhota, momwe anandiphunzitsira. Timapilo tinali tiwiri, totsika. Kumanja, pansi pa kapilo, panali kachotupa kochepa ngati ndimu yaing'ono, kolimba gwa, khungu litafiira, ndipo nditangokakhudza anakuwa.

Ndinadziona ndikuzungulira tebulo lija ndi pepala pachiuno, ndinamva mawu anga onse, limodzi limodzi, mpaka ngolo ya matayala awiri.

"Usaitane amuna aja," ananong'ona atandigwira mkono. "Wamva? Ndifere pompano, koma asandione."

"Mayi, simungatsike masitepe."

"Ndiye ndisatsike."

Ndinayesa kuwadzutsa ndekha, anakuwanso n'kugwera pansi. Masitepe athu ndi opapatiza, okhota pakati, opanda pogwira mbali imodzi. M'nyumba yonseyo anthu odziwa kutsitsa cholemera pamenepo osachigwetsa anali omwe aja a pamsomali. Ndinatenga sizasi yaikulu, ndinadula lamba uja mbali zonse, kumusolola n'kumuponya m'zidutswa, amayi n'kuwafunditsa nsalu ya makatani a munthu wina. Kenako ndinachita chomwe anandiletsa. Ndinasuzumira pawindo n'kukuwa dzina la a Jeke.

Anakwera anayi, simenti ili m'tsitsi. Amayi atamva jombo pamasitepe anatembenukira kukhoma n'kuphimba nkhope ndi manja. A Jeke ndiwo anali patsogolo, ndipo ataima pakhomo ndinaona maso awo akugwera pansi. Chidutswa cha lamba, chokhala ndi kapilo kamodzi, chinali chitagwera pambali pa ndowa, poyera. Munthu amene wavala chinthu chimenecho zaka zisanu ndi zinayi sangachisokoneze ndi china. Anachiyang'ana, anayang'ana amayi, kenako anachiponda ndi jombo n'kuchikankhira pansi pa tebulo anzawo asanalowe.

"Malungo awa," anatero mokweza. "Malungo a chaka chino ndi oipa, alamu. Akuluakulu, tengani mpando uwo."

Anawakhazika pampando wa kasitomala, kuwamangirira ndi katani ija, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Anatsika sitepe imodzi imodzi, a Jeke akulamula monga amachitira potsitsa firiji: "Tsika. Ima. Tsika." Ine ndinali pambuyo, ndipo malaya awo atakwera chifukwa chonyamula, ndinkaona mphepete mwa nsalu ya tenti pachiuno cha aliyense. Onse anayi ndinawatsanzirapo. Mwini patani ya dzino limodzi ankapuma movutika pokhota paja, dzanja lina likufuna kuthamangira pathumba, koma mwendo wa mpando sanausiye.

Tinapita kuchipatala pa galimoto ya holoselo. Adokotala anali mayi wachitsikana, woonda, wovala magalasi. Anangovundukula, kukhudza, kufunsa kuti kusanza kunayamba liti, n'kuuza anamwino kuti akonze ku fiyeta, kochitira opaleshoni, msangamsanga. Ndinadikira pabenchi maola atatu. A Jeke anakhala nane, chipewa chili pabondo. Podzuka kuti abwerere kuntchito ndi pomwe anati, akuyang'ana khoma:

"Mwanawe, ine sindinaone kanthu."

Akanandinyoza ndikanapirira. Ulemu umenewo ndi umene unandiliza.

M'mawa mwake adokotala anandiitanira m'kaofesi kawo. Anatenga pepala n'kujambula chiuno cha munthu, chofanana ndi patani yathu moti manyazi anandigwira ndisanamve n'komwe mawu.

"Mwera wa m'mphechepeche si umodzi ayi," anatero. "Ulipo wa mitundu itatu. Woyamba umatsata kanjira kamene munthu amabadwa nako apa. Mwa amuna ndi momwe ziwalo zachimuna zimatsikira mwana akadali m'mimba. Kanjirako kakapanda kutsekeka bwino, thumbo limakalondola, nthawi zina mpaka kutsikira kumaliseche. Wachiwiri umakankha khoma la mimba penipeni, pomwe minofu yatopa ndi zaka, kunyamula ndi kutsokomola. Umenewu ndi wa akuluakulu, ndipo umakonda kubwera mbali zonse ziwiri, poti khomalo limatopera limodzi. Mitundu iwiriyi imachuluka mwa amuna, ngakhale akazi imawagwiranso."

Kenako anatsitsa cholembera pansi pang'ono, pomwe panali mitanda ya patani ija.

"Wachitatu ndi uwu, wa amayi anu. Umatulukira pa kampata kamene kali pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita kumwendo. Umakonda akazi, makamaka achikulire amene anabereka kangapo. Ndi waung'ono, koma ndi woopsa kuposa inzake, chifukwa kampatako n'kopapatiza ndi kolimba. Thumbo likalowamo limakanirira, magazi n'kusiya kufika."

Anati gawo la thumbo lomwe linafa analidula, ndipo anandionetsa kutalika kwake ndi zala, ngati zipi ya siketi. Tikanachedwa mpaka m'mawa, bwenzi tikukamba zina. Kumanzere kunalinso wina wa mtundu womwewo, wosakanirira, woti adzakonze pakatha miyezi itatu bala likapola.

"Pakhungu pawo pali mikwingwirima ya lamba," anatero. "Anawasokera ndani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. "Anasoka okha. Ndi ntchito yathu. Timasokera amuna onyamula katundu."

"Angati?"

"Opitirira makumi anayi."

Anavula magalasi n'kutikita maso. Sanandikalipire. Anangofotokoza kuti pa mitundu iwiri ija lamba amangogwiriziza, sachiza, bowo limakulabe pansi pake. Koma pa mtundu wa amayi sathandiza n'komwe, amangofinya thumbo lomwe lapanikizika kale. Ndinatuluka muofesimo ndikudziwa kuti amayi, ndi luso lawo lonse, anadzisokera mankhwala a matenda a eniake, ndipo munthu mmodzi amene akanawaletsa ndinali ine, wotanganidwa ndi kuseka.

Masiku atatu amayi sanandiyang'ane. Ndinkawapukuta, kuwasintha, kuona thupi lomwe anandibisira moyo wanga wonse, iwo maso ali kukhoma. Lamlungu masana anabwera amuna anayi aja, atasamba, zipewa zili m'manja, n'kuima mondondozana kumiyendo kwa bedi.

"Malungo aja akuchepa, alamu?" anafunsa a Jeke.

"Akuchepa ndithu," anayankha wa dzino limodzi, kuwayankhira amayi. "Taonani nkhope yabwerera."

Anayamba kukamba za malungo molimbikira, momwe anagwirira mlamu wake wa uyu, momwe udzudzu wachulukira kuseri kwa holoselo, zonsezo mu wodi ya anthu a opaleshoni okhaokha, dilipi ili pamkono. Amayi anamvetsera mpaka anatopa nazo. Anatembenuka pang'onopang'ono, akugwira pabala.

"Si malungo, alamu. Inu mukudziwa." Mawu anali otsika, koma a pabedi loyandikana anamva. "Ndi mwera. Mbali zonse ziwiri."

Amuna anayi anayang'ana kudenga nthawi imodzi, monga ankachitira kwathu.

"Ndiponso si msana," anapitiriza amayi. "Wanu, ndi wanu, ndi wanu, ndi wanu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukumangani ndi tenti, ndimayesa ndikukuthandizani. Lamba sachiza. Wanga wandidyera thumbo. Ndachita manyazi, alamu, manyazi aakulu. Pitani akakuoneni adokotala a magalasi aja, musanatsitsidwe pampando ngati ine."

A Jeke anazunguza chipewa m'manja. "Tikavule pamaso pa mwana uja?"

"Ine ndavula, ndipo si ine ndili pano? Inu mukuopa chiyani chomwe iye sanachionepo?"

Wa dzino limodzi anaseka mwangozi, n'kudzigwira pakamwa. Sanakhalitse. Anatsanzika mmodzimmodzi, aliyense akugwira chala cha phazi la amayi pamwamba pa bulangeti, poti dzanja linali ndi dilipi.

Atapita ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Funso linali litandikhala pakhosi masiku atatu.

"Mayi, bwanji simunandiuze? Ine mwana wanu?"

Anandiyang'ana koyamba chichokereni ku fiyeta.

"Ndinakhoma chitseko," anatero. "Tepi inali m'manja. Ndinkafuna undiyeze, poti kumbuyo ndekha sindinkafikira bwino, ndiye uone wekha, undiuze ngati n'zoopsa. Sabata yathunthu ndinakhala ndikukonza mawu oyambira."

Ndinagwira chitsulo cha bedi n'kuweramira pansi.

"Usalire, usokoneza odwala. Sindikukuimba mlandu. Kuseka kuja unaphunzira kwa ndani? Wokuombera m'manja ndinali ine. Tsiku lija ndinangomva mmene zimamvekera ukakhala mwini patani."

Mwa amuna anayi aja, atatu anapita kwa adokotala. Wa dzino limodzi akuzengerezabe, ndipo amayi akamuona pawindo amamukuwira kuti msana uli bwanji, iye n'kuthawira kuseri kwa lole. A Jeke anapezeka ndi mitundu iwiri yosiyana, kumanja wa kanjira kobadwa nako, kumanzere wa khoma lotopa, ndipo amanyadira zimenezi ngati anapambana mpikisano. Malamba timasokabe, koma kwa munthu yekhayo amene watisonyeza kapepala ka tsiku la opaleshoni yake, kuti amugwirizize podikira. Poyeza munthu, za msana amayi safunsanso. Amafunsa kuti mwera uli mbali iti, ndipo ena akamva mawuwo amavala chipewa n'kutsika osayezetsa. Kutsanzira ndinasiya. Nthawi ya chakudya muno mumangoti zii, timamva matumba akugwa pansi.

Kutatsala sabata kuti akachitidwe opaleshoni ya kumanzere, titatha kudya masana, amayi anadzuka n'kukhoma chitseko. Anati akufuna diresi lotakasuka, losapanikiza pabala, loti adzavale potuluka m'chipatala. Anandipatsa tepi. Kenako anavula epuloni, anaima pakati pa makina awiri, n'kukweza manja, maso ali kudenga.

Ndinagwada. Tepi inandipulumuka kawiri ndisanaizungulitse. Chiuno chinali mainchesi 26, imodzi itachoka. Pansi pa petikoti zala zanga zinadutsa pa chipsera chakumanja, kenako pa kachotupa kakumanzere, kofewa, kodikira tsiku lake. Ndinayala pepala la simenti patebulo, kujambula, kudula, iwo akumanganso epuloni kumbuyo kwanga.

"Ulembepo dzina," anatero.

Ndinatenga pensulo n'kulemba pakona, ndi zilembo zazikulu, kuti AMAYI. Anaitenga okha n'kukaipachika pamsomali, pamwamba pa ya a Jeke.